Pulayimasi ya a Sixpence

1

Musandifunse dzina la pulazi. Ingodziwani kuti ili kufupi ndi Trelawney, kumene fodya amalimidwa mpaka kuseri kwa tchalitchi, ndipo ine Prudence ndinabadwira m'komboni ya pomwepo. Nkhaniyi yandikhala pachifuwa kuyambira Ogasiti wathayu, ndipo ndikapanda kuilavula indidwalitsa.

Mwamuna wanga Collen sagwira khasu. Iye amapanga zinthu za m'mafilimu, mafilimu aja a zinjoka zouluka ndi mafumu a ndevu zofika pamchombo. Amaimitsa filimu pafoni, n'kuyang'anitsitsa mphete ili pachala cha mfumu, n'kuisema pa sera, n'kupanga chikombole, kenako n'kuthiramo mkuwa wosungunula. Mphete, mikanda, zisoti zachifumu, ngakhale malupanga. Anthu a m'komboni amamuseka kuti mwamuna wa Prudence amasula malupanga osadula ndi nthochi yomwe. Aziseka. Ku Harare kuli achinyamata amene amavala ngati anthu a m'mafilimuwo n'kumasonkhana, ndipo ena amaitanitsa pafoni ali kutsidya kwa nyanja. Mwana wathu Rudo sanabwezedwepo kusukulu.

Ntchito yanga ine ndi kukalambitsa. Ogulawo safuna chinthu chonyezimira ngati chachokera m'sitolo, amafuna chooneka ngati achifukula m'phanga. Ndiye ndimapaka viniga ndi mchere, ndimakwirira mu utuchi wonyowa, ndimatikita ndi phulusa la kumabani owotchera fodya, kenako ndimapukuta pamwamba pokha. Mphete yobadwa Lolemba, pofika Lachisanu imakhala ndi zidzukulu. Sindikudzitama, koma pa ntchito imeneyi palibe wondiposa, ndipo Collen anaiphunzira kwa ine.

Bambo anga, a Sixpence, anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Ankasonkhezera moto kumabani. M'komboni yonse iwo okha ndiwo anali ndi pulayimasi, kachitofu kapalafini ka thanki yamkuwa, ndipo ankaipukuta kuposa mmene ankapukutira nkhope yawo. Anamwalira ine ndili kamtsikana. Monga mwa mwambo wathu, adzukulu ataumba mtumbira anatenga pulayimasiyo, anaiboola ndi msomali kuti isakope wakuba, n'kuiika pamwamba. Ku manda akale a Achewa, kuseri kwa mitengo ya bulugamu, kunalibe miyala yolembedwa maina. Aliyense ankadziwika ndi chake, uyu mbale, uyu kapu, uyu mphika.

Ndinapitako kamodzi kokha ndi malemu mayi. Anapatula udzu ndi dzanja n'kunena kuti, "Ukadzaona pulayimasi, ndi bambo ako amenewo." Kenako pulazi inasintha eni, akuluakulu amene anakumba mandawo anabalalika, mayi anakamwalirira ku Chinhoyi n'kuikidwa komweko. Obwera kumene anatsegula manda ena pafupi ndi tchalitchi. Kwa ife munthu salowa kumanda ngati akupita kudimba, makamaka mkazi ali yekha, ndiye zaka zinangodutsa. Sindinkada nkhawa. Ngakhale anyamata otola zitsulo zakutha ankalambalala patali, poopa kuti manda a Achewa amalonderedwa ndi Gule.

2

M'mwezi wa Julayi foni inalira, nambala ya ku Malawi. Anali azakhali a Violet, mlongo wawo wa bambo, amene ndinali ndisanawaonepo ndi maso.

"Mwana wa achimwene, ine mawondo atha," anatero. "Koma sindifa mlongo wanga ali m'tchire ngati chinyama. Ana andisonkhera ya basi ndi ya simenti. Ndikubwera pa tchuthi chanu cha mu Ogasiti, timange chiliza. Malo ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa, azakhali."

Ndinathamangira kushedi kumene Collen amagwirira ntchito. Ndinamupeza akukhula chisoti ndi tupa.

"Bambo a Rudo, tikhala ndi alendo. Azakhali akubwera kudzamanga chiliza cha bambo."

"Zabwino zimenezo," anatero osadzutsa mutu. "Ndikauza abusa atisonyeze mzere wake."

"Abusa alowapo bwanji? Bambo sali ku tchalitchi. Ali ku manda akale, kuseri kwa bulugamu."

Tupa inaima.

"Kuseri kwa bulugamu kuli manda?"

"Inu a m'tauni inu. Mumaganiza kuti manda ndi okhawo a manambala? Kuli anthu ambiri kumeneko. Pa bambo pali pulayimasi yawo yamkuwa, sitivutika n'kufunafuna."

Collen anakulira ku Chinhoyi, m'nyumba ya khonsolo. Agogo ake anali a ku Ntcheu, koma Chichewa chake n'chogulira tomato basi, ndipo za miyambo ndimachita kumukoka ngati mbuzi. Ndiye atandiyang'ana kukamwa kuli yasa, ndinangoti ndi mantha a mwana wa m'tauni. Ndinamuseka, ndikumuuza kuti akufa saluma.

Tsiku limenelo sadza, nsima ya kuno, sanaikhudze. M'mawa mwake anati akupita kumsika wa Mbare ku Harare kukafuna zipangizo, ndipo anabwerako ndi chikwama chimene sanatsegule pamaso panga. Sabata yonse anakhoma shedi, akuti pali oda yachinsinsi ya munthu wovuta. Viniga wanga anatha m'botolo. Nditafunsa anati anatayika.

Anayambanso kudzuka ndi maso ofiira, kumangoti kakasi pakhomo kuyang'ana ku mitengo ija. Ine mtima unathamangira kwina. Ndinafufuza foni yake kufuna dzina la mkazi, ndipo nditapeza zinjoka zokhazokha ndinadzimvera chisoni. Ndikanadziwa, bwenzi ndikupempha Mulungu kuti akhale mkazi.

3

Azakhali anatsika kombi pa mphambano atanyamula chikwama chachikulu ndi kathumba kakang'ono kamene sanalole munthu kuwalandira. Anali aafupi, owuma ngati chikuni, ndipo atandiona anandigwira masaya onse awiri.

"Mphumi iyi ndi ya achimwene," anatero, misozi ili chuchuchu.

M'kathumbamo munali dothi la pa manda a amayi awo ku Dedza. Anati amayiwo anamwalira akufunsabe ngati basi ya ku Halale yafika.

Tinapempha chilolezo kwa akuluakulu a m'komboni, ndipo Loweruka m'mawa tinanyamuka, ine, azakhali, Collen ndi amuna awiri a makasu. Collen ankayenda kumbuyo kwenikweni. Titalowa m'mitengo ndinadabwa. Ndinkakumbukira mitumbira yooneka bwino, koma mvula ya zaka zonsezi inali itaisalaza. Panangotsala timatumphu tosaoneka bwino, mbale apa, kapu apo, ndipo mitengo imene ndinaisiya ili ziphukira inali itakula mpaka kusintha malo onse.

"Pulayimasi iyo," anatero mmodzi wa amuna aja.

Inali pansi pa mtengo wa msasa, itapendekeka pang'ono, yobiriwira ndi ukalamba, bowo la msomali lili pambali pa thanki. Azakhali anagwada pomwepo. Sanalire mokweza. Anangoyamba kulankhula ngati munthu wapeza mnzake pakhonde.

"Achimwene, ndine Violet. Munandisiya ndisanamere mano onse. Mwaona mmene ndakalambira?"

Nanenso ndinagwada, ndikulira, n'kutambasula dzanja kuti ndiiwongole pulayimasiyo. Nditaigwira, chala changa chinachita chobiriwira. Ndinachiyang'ana. Mkuwa umene wakhala pamvula zaka zambiri susiya mtundu pachala, ukalamba wake umalowa m'kati. Uwu unkayoyoka ngati ufa. M'makona munali phulusa lotikitidwa ndi nsalu, mozungulira, mmene ndimachitira ine. Ndinasendeza nkhope ngati ndikufuna kuipsompsona, ndipo fungo linandilasa m'mphuno. Anali viniga.

Ndinacheuka. Collen anali ataima patali, chipewa chili m'manja, akuyang'ana nsapato zake.

Azakhali anamasula kathumba kaja n'kuwaza dothi pang'onopang'ono kuzungulira pulayimasi. "Amayi, mwana wanu uja ndi uyu," anatero. Amuna aja anayamba kulambula. Ine ndinabisa chala chobiriwira chija m'chitenje.

4

Masana azakhali atagona ndi kutopa, ndinalowa m'shedi n'kutseka chitseko. Ndinamuonetsa chala.

"Bambo a Rudo, ichi n'chiyani?"

Sanayese n'komwe kukana. Anangokhala pachidebe.

"Mayi a Rudo, ndinalakwa. Koma sindinadziwe."

"Simunadziwe chiyani? Yambani pachiyambi, ndipo mukadumpha kanthu ndikadzutsa azakhali."

Anati chinali chaka chatha, moto wolusa utapsereza tchire lonse la kuseri kwa bulugamu. Anali ndi oda yaikulu ya mphete, mkuwa utamuthera. Akudutsa kumeneko anaona mbale, makapu ndi miphika zili mbwee paphulusa, ndipo anaganiza kuti ndi dzala la komboni yakale. Anatola zonse n'kuziunjika pamodzi kuti asankhe bwino. Zambiri zinali zachitsulo wamba, anazisiya pamulu pomwepo. Anatenga pulayimasi, zibangili zingapo ndi belu laling'ono.

"Simunaone kuti chilichonse n'choboola?"

"Ndinaona. Ndinadabwa."

"Munadabwa. Pakamwa munasiya kuti? Mkazi wanu anabadwira pano, munalephera kufunsa? Safunsa anadya phula, bambo inu."

"Munali kosankha fodya nthawi imeneyo. Pamene mumabwera n'kuti nditadula kale n'kusungunula."

Ndinakumbukira mphete zimenezo. Zinali za mfumu ina ya m'filimu, zokhala ndi mutu wa nkhandwe. Mkuwa wake unali wabwino moti ndinauyamikira, ndinati ukumva viniga ngati wakale. Ndinazikalambitsa ndekha, ndinazikulunga ndekha m'mapepala, ndipo zinapita kwa anthu amene sindidzawaona.

Ndinafuna kumumenya ndi tupa ija, koma panali funso lina lalikulu kuposa zonsezo.

"Chabwino. Pulayimasi mwagula ina ku Mbare, mwaiboola, mwaikalambitsa ndi viniga wanga. Zimenezo tidzakambirana. Koma mwaibwezera pamalo pomwe munachotsa ija?"

Anayang'ana kumbali.

"Collen." Ndinali ndisanamutchulepo dzina kuyambira pamene tinakwatirana.

"Ndinayesa kukumbukira," anatero. "Nthawi ija kunali kopserera, tsopano kuli udzu. Ndikukumbuka kuti panali mtengo pafupi. Koma mitengo ilipo yambiri. Ndinazungulira mpaka dzuwa kupendeka, kenako ndinangosankha."

"Nanga mbale za anthu ena zija?"

"Ndinazimwaza. Paliponse pamene panaoneka kotukuka ndinaikapo kanthu."

Ndinatsamira khoma. Sanali bambo anga okha. Anthu onse a m'mandamo, amene anasiya kwawo n'kudzafera fodya wa eni, aliyense anali atagona ndi mbale ya mnzake. Chinthu chimodzi chokha chimene anatsala nacho, mwamuna wanga anachisokoneza masana amodzi. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo, ngati onsewo aima panja pa shedi kudikira kuti nditsegule.

"Ndikawauze ndekha azakhali?" anafunsa.

Ndikanati inde. Mawuwo anali pakamwa. Koma ndinaona nkhalamba ija itagwada, ikuwaza dothi limene inalinyamula kudutsa malire awiri. Ndikaiuza kuti mlongo wake sadzapezekanso, ikabwerera bwanji? Ndinaganizanso za m'komboni. Nkhani yoti munthu anasungunula za kumanda sikhala ya m'banja. Akanati ndi mfiti, mphete zake ndi zizimba, ndipo Rudo akanakula akulozedwa chala. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

"Mutseke pakamwa panu," ndinatero. "Mwazolowera kale."

5

Chiliza chinamangidwa sabata yomweyo. Collen ananyamula simenti ndi njerwa mpaka mapewa kusupuka, ndipo azakhali ankangomutamanda.

"Mkamwini uyu ndi wosowa. Ena akanathawa ntchito ya manda a apongozi amene sanawaone n'komwe. Prudence, umugwire bwino."

"Ndamugwira, azakhali," ndinkayankha.

Tsiku lovundukula kunabwera anthu ambiri, a kwaya ya tchalitchi, ngakhale anzathu Achishona. Tinaphika, tinaimba. Nsalu itachotsedwa, dzina la bambo linaoneka lolembedwa bwino pamwala wakuda, ndipo pulayimasi ija anaimata ndi simenti kumutu. Azakhali ndiwo anaumirira zimenezo, akuti kuti isadzasowe.

Usiku wa masiku amenewo sindikufuna kuukamba. Ndingoti bambo sindinawalote, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. Azakhali ankadzuka m'mawa uliwonse akusimba kuti achimwene anabwera, avala malaya oyera, akuseka. Kwa ine sanabwere.

Powaperekeza pa mphambano anandigwiranso masaya.

"Wandichotsa minga, mwana wanga. Tsopano Ambuye akhoza kundiitana."

Kombi itanyamuka ndinadziuza kuti mwina Collen analasa malo enieniwo. Mitumbira ya pansi pa mitengo si yambiri kwenikweni. Mwinanso akufa sasamala za malo, amangomva dzina lawo likutchulidwa. Ndinadzinyengerera choncho mpaka ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

6

Patapita masabata angapo, akuluakulu anatilola kuti tikachotse matabwa ndi zidebe zimene amisiri anasiya. Ndinapita ndi Collen dzuwa lili pamutu. Titayandikira, tinaona munthu ataima pafupi ndi chiliza.

Anali mayi wachikulire, wovala mpango wakuda, atanyamula tsache latsopano. Anati dzina lawo ndi a Lestina, amakhala ku Banket kwa mwana wawo, koma kale ankakhala m'komboni yathu. Anamva kuti manda akale alambulidwa, ndiye anapempha chilolezo kuti adzasese pa kamwana kawo kamene kanamwalira ndi chikuku kasanayambe sukulu.

"Ndinaikapo kapu yake ya buluu," anatero. "Ndaipeza uko, pafupi ndi chulu. Koma mtima ukukana. Ine ndikukumbuka msasa uwu. Tsiku loika ndinatsamira pamenepa."

Anagwira thunthu la mtengowo, n'kuyang'ana mwala wakuda uja, n'kuyang'ananso ine.

"Mwana wa a Sixpence, eti? Ndinkawadziwa bambo ako, ankatipatsa tiyi. Koma ine ndinkayesa kuti anawaika chakumtunda. Kapena ndi ukalambawu?"

Collen anatsegula pakamwa. Ndinamuponda phazi.

"Ndi pano, amayi," ndinatero. "Onani pulayimasi yawo."

Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Inde, ndi yomweyo," anatero pomaliza. "Pepani, ana anga. Mutu wanga wayamba kusokoneza zinthu."

Anatembenuka pang'onopang'ono kupita kuchulu kuja. Tinawaona akugwada pa kapu ya buluu, akusesa masamba, akuitana kamwanako ndi dzina lake. Atamaliza anabwerera kudzatitsanzika, ndipo anapepesanso kachiwiri chifukwa chotivutitsa.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwagamula kale kuti wolakwa ndi Collen. Nanenso ndinkatero. Koma iye anachimwa posadziwa, n'kunama chifukwa cha mantha. Ine ndinanama ndikudziwa zonse, ndikuyang'ana m'maso mwa mayi amene ankanena zoona, mpaka iye anakayikira nzeru zake. Ngati kwanu kuli mtumbira umene umadziwika ndi mbale yokha, musadikire alendo ochokera kutali. Tengani ana, akuluakulu akadalipo, mukaloze ndi chala ndipo mulembepo dzina.

Azakhali anamwalira mwezi wathawu, ndipo ana awo akuti anapita mtima uli m'malo. Tsopano palibenso amene ndikumuteteza kupatula ine ndi a m'nyumba mwanga. A Lestina ali moyo ku Banket. Ndafunsa kale kumene amakhala, kuseri kwa chigayo, nyumba ya chitseko chofiira. Lamlungu lapitali ndinakwera kombi, ndinafika mpaka pa mpanda wawo, ndinawaona akuanika zovala. Anandizindikira n'kumwetulira, n'kufunsa ngati ndabwera ndi uthenga.

Ndinati ndimangodutsa.